Kodi Mafuta ndi Migodi Zingatichotse mu Umphawi?

Aliyense amene adayendapo mumsewu wa Masauko Chipembere, kuchoka m'tauni ya Blantyre kudzera pa Ginnery Corner ndi pa Chichiri mpaka kukafika ku Limbe, m'masiku a kusowa kwa mafuta a galimoto, sangaiwale zimene maso ake adaona. M'chaka cha 2011, komanso maulendo angapo kuyambira m'chaka cha 2022, mizere ya galimoto inkayambira pamalo omwetsera mafuta n'kukathera kutali kosaoneka. Madalaivala a minibasi ankagona m'galimoto zawo, anyamata ankayendayenda ndi zigubu, ndipo mayi wogulitsa tomato wochokera ku Bangwe kapena ku Chilomoni ankalipira mtengo wokwera kuti akafike kumsika. Kumudzi nako chigayo cha dizilo chinkaima.

Pamizere yotereyi pankamveka mawu amodzimodzi: "Tikadakhala ndi mafuta athuathu ngati anzathu a ku Nigeria kapena ku Angola, bwenzi mavuto onsewa kulibe." Mawuwa ndi omveka ndithu, ndipo lero ena akuwanenanso pa nkhani ya miyala ya mtengo wapatali imene yapezeka m'maboma osiyanasiyana a dziko lino. N'chifukwa chake, awerengi okondedwa, taona kuti n'koyenera kuti tifotokoze mofatsa zimene zimachitikira dziko losauka likapeza chuma chambiri pansi pa nthaka. Mbiri ya maiko ambiri ikusonyeza kuti chumacho chimatha kutuluka m'nthaka kwa zaka makumimakumi, eni nthakayo akugonabe ndi njala.

Kumene mafuta athu amachokera

Dziko la Malawi silikumba mafuta. Dontho lililonse la petulo, dizilo ndi palafini limachokera kunja, ndipo limalowa kudzera kumadoko a Beira ndi Nacala ku Mozambique komanso Dar es Salaam ku Tanzania. Ogulitsa mafutawo safuna makwacha, amafuna madola a ku America. Madolawo timawapeza makamaka pogulitsa fodya, tiyi, shuga ndi mbewu zina, kuphatikizapo thandizo la maiko akunja. Choncho madola akachepa, mafuta amasowa. Ndi mmene zidalili mu 2011, pamene fodya sadayende bwino pamsika ndipo maiko ena adaimika thandizo lawo. Kusowa kwa mafuta ndi ndalama zakunja kudali pakati pa madandaulo amene adatulutsa anthu m'misewu pa 20 July chaka chimenecho, ndipo anthu 20 adataya miyoyo yawo. Kusowa kwa madola komweko ndiko kudagwetsa kwacha ndi magawo 25 pa 100 alionse mu May 2022, ndi magawo 44 pa 100 alionse mu November 2023.

M'chaka chomwecho cha 2011 boma lidapatsa kampani ya ku Britain yotchedwa Surestream Petroleum chilolezo chofufuza mafuta pa Nyanja ya Malawi. Chimene chidatsatira msanga ndi mkangano wa malire. Mu 2012 dziko la Tanzania lidati kafukufukuyo aime, ponena kuti theka la nyanja ya kumpoto ndi lake, pamene Malawi adaima pa pangano la 1890 la pakati pa Britain ndi Germany, lomwe lidaika malire m'mphepete mwa gombe la kum'mawa. Mpaka lero palibe mafuta amene atuluka m'nyanjayi, koma mbiri yokha yakuti angakhalemo idakwanira kuyambanitsa anansi.

Zimene zidachitikira Nigeria ndi Angola

Ku Nigeria mafuta adapezeka pamudzi wa Oloibiri mu 1956, ndipo adayamba kugulitsidwa kunja mu 1958. Nthawi imeneyo dzikolo lidali la alimi otchuka. Mumzinda wa Kano matumba a mtedza ankaunjikidwa milu yaitali ngati timapiri, ndipo koko ndi mafuta a kanjedza zinkabweretsa ndalama zambiri. Mafuta a pansi atakwera mtengo m'zaka za m'ma 1970, ulimi udatayidwa, milu ya mtedza ija idazimirira, ndipo mafuta okha adayamba kubweretsa pafupifupi ndalama zonse zakunja. Patapita zaka zoposa 60, mu 2022, nthambi yoona za chiwerengero ya boma la Nigeria lenilenilo idalengeza kuti anthu 133 miliyoni, amene ndi 63 pa anthu 100 alionse, ndi osauka poyang'ana chakudya, madzi, sukulu, chipatala ndi pokhala. Kudera la Ogoni, kumene mafutawo ankakumbidwa, mitsinje ndi minda zidaipitsidwa kotero kuti bungwe la United Nations lidati mu 2011 kuyeretsa malowo kungatenge zaka 25 mpaka 30. Mlembi Ken Saro-Wiwa, amene ankalankhulira anthu a kumeneko, adanyongedwa ndi boma la asilikali pamodzi ndi anzake asanu ndi atatu pa 10 November 1995.

Chodabwitsa china n'chakuti kwa zaka zambiri dziko la Nigeria linkagulitsa mafuta osayenga kunja, n'kumagula petulo woyenga kuchokera kunja komweko, popeza mafakitale ake oyengera adali atafa. Anthu a ku Lagos ankaima pamizere ya petulo monga momwe ife tinkaimira pa Chichiri.

Ku Angola nkhani yake njofanana. Ufulu usanabwere mu 1975, dzikolo lidali limodzi mwa maiko otsogola pa ulimi wa khofi padziko lonse. Nkhondo ya pachiweniweni, imene mbali ina inkailipira ndi ndalama za mafuta pamene inzake inkailipira ndi dayamondi, idatha mu 2002. Kuchokera apo madola adasefukira, nyumba zosanja zidamera mu Luanda, ndipo mzindawo udatchulidwa kangapo kuti ndiwo wodula kwambiri padziko lonse kwa alendo ogwira ntchito. Koma unyinji wa anthu udatsalirabe m'makomboni opanda madzi a m'mipope. Mu July 2025 boma litakweza mtengo wa dizilo, mudabuka zipolowe mu Luanda ndipo anthu oposa 20 adafa. Dziko lokumba mafuta lidalira maliro ofanana ndi amene ife osakumba tidalira mu 2011.

Zimatheka bwanji?

Akatswiri a zachuma adazipatsa dzina zimenezi. Katswiri wa ku Britain, Richard Auty, adazitcha mu 1993 kuti tsoka lobwera ndi chuma chachilengedwe. Tsokali silichokera kwa mizimu ayi. Lili ndi njira zake zodziwika, ndipo tifotokozapo zisanu.

Njira yoyamba ndi imene amaitcha nthenda ya ku Holland, popeza idaonekera m'dziko limenelo atapeza gasi ku Groningen mu 1959. Madola akalowa ochuluka nthawi imodzi, ndalama ya dziko imalimba, katundu wakunja amatsika mtengo, ndipo katundu wa m'dzikomo amadula kwa ogula akunja. Tiyerekeze kuti mpunga wochokera kutsidya kwa nyanja wayamba kutchipa mumsika wa Limbe kuposa wa ku Karonga kapena wa ku Nkhotakota. Mlimi wathu adzasiya kulima mpunga, ana ake adzathamangira m'tauni, ndipo tsiku limene madola adzaphwe, m'munda mudzakhala mutamera thengo.

Yachiwiri ndi kuchepa kwa ntchito. Chitsime cha mafuta kapena mgodi wamakono umagwiritsa ntchito makina aakulu ndi akatswiri ochepa, ambiri mwa iwo ochokera kunja. Pomanga mgodi amalemba anthu ambiri kwa zaka ziwiri kapena zitatu, koma kukumba kukayamba otsala amakhala owerengeka. Munda wa tiyi ku Thyolo umadyetsa mabanja ambiri kuposa mgodi wobweretsa ndalama zofanana.

Yachitatu ndi kusakhazikika kwa mitengo. Pakati pa chaka cha 2014 mgolo umodzi wa mafuta osayenga unkagulidwa pa madola oposa 100, koma pofika January 2016 udali utatsika kufika pansi pa madola 30. Boma limene lidalemba antchito ndi kuyamba zitukuko likuwerengera madola 100 limasowa cholipirira aphunzitsi ndi chogulira mankhwala. Mtengowo sauika ndi wokumba. Umaikidwa kumisika ya ku London ndi New York.

Yachinayi ndi ngongole. Dziko likangomveka kuti lapeza chuma, obwereketsa ndalama amafika pakhomo okha, ndipo atsogoleri amakongola lero podalira chuma chimene sichinatuluke n'komwe.

Yachisanu, imene ili yoopsa kuposa zonse, imakhudza ulamuliro. Boma lodalira msonkho wa alimi, ogulitsa m'misika ndi apantchito limakakamizika kuwamvera, chifukwa ndiwo amalidyetsa. Koma boma lolandira ndalama zake kuchokera kwa makampani awiri kapena atatu silisowanso nzika zake. Ndalama zolowera pakhomo limodzi n'zosavuta kuzibisa, ndipo mpando umasanduka chinthu chophelana, pakuti wokhalapo ndiye amagwira kiyi wa nkhokwe.

Kwa anansi athu ku Tete

Sitiyenera kupita kutali kuti tizione zimenezi. Ukadutsa chipata cha Mwanza ndi Zóbuè, usanafike mumzinda wa Tete, umapeza Moatize, kumene kuli malasha ochuluka zedi. Chigawo cha Tete ndi kwa abale athu, pakuti ku Angónia, ku Tsangano ndi ku Macanga amalankhula Chichewa chomwechi. Kampani ya ku Brazil yotchedwa Vale idapatsidwa malowo mu 2004 ndipo idayamba kukumba mu 2011. Kuti mgodiwo utheke, mabanja oposa 1,300 adasamutsidwa m'zaka za 2009 ndi 2010, ndipo oposa 700 mwa iwo adapititsidwa ku Cateme, mtunda wa makilomita pafupifupi 40 kuchokera ku Moatize. Adawamangira nyumba zamalata, koma anthuwo adadandaula kuti nthaka ya kumeneko njamiyala, madzi ngovuta, msika uli kutali, ndipo makoma a nyumbazo adayamba kung'ambika. Amene ankadalira kuumba njerwa ndi kulima m'madimba a m'mbali mwa mtsinje adasowa pogwira. Mu January 2012 anthu a ku Cateme mazanamazana adatseka njanji yonyamula malasha kupita ku Beira, mpaka apolisi adawabalalitsa ndi kumanga ena.

Nawo makampani sadapeze zimene ankayembekeza. Rio Tinto idagula migodi ya ku Tete mu 2011 pa madola oposa 3 biliyoni, n'kuigulitsa mu 2014 pa madola 50 miliyoni okha, mtengo wa malasha utagwa. Vale idamanga njanji ya makilomita 912 yochoka ku Moatize, kudutsa m'dziko lathu lino ku Mwanza, Neno, Nkaya, Liwonde ndi Nayuchi mpaka ku Nacala, koma mu 2022 idagulitsa mgodi ndi njanji yomwe kwa kampani ya Vulcan pa madola 270 miliyoni. Kampani imatha kugulitsa n'kuchoka. Banja losamutsidwa lilibe kobwerera, poti pamene padali munda wake pali dzenje.

Kumpoto kwa Mozambique, ku Cabo Delgado, gasi wochuluka adapezeka mu 2010. Asanayambe n'kutuluka komwe, akuluakulu ena a boma adatenga mobisa ngongole za madola pafupifupi 2 biliyoni m'zaka za 2013 ndi 2014, Nyumba ya Malamulo osadziwa. Zitaululika mu 2016, bungwe la IMF ndi maiko othandiza adaimika thandizo, ndalama ya metikali idagwa, ndipo zinthu zidakwera mitengo. Amene adali nduna ya zachuma, Manuel Chang, adapezeka wolakwa kukhoti la ku New York mu 2024. M'chigawo chomwecho cha gasi mudabuka nkhondo mu October 2017, imene yathawitsa anthu mazana a zikwi m'midzi mwawo. Nkhuyu zidadyedwa ndi ochepa, koma m'mimba mudapota mtundu wonse.

Ku Zambia nako mkuwa umabweretsa magawo pafupifupi 70 pa 100 alionse a ndalama zakunja. Mtengo wake utagwa mu 1975, dzikolo lidalowa m'ngongole ndi umphawi kwa zaka zoposa 20, ndipo mu November 2020 lidalepheranso kubweza ngongole zake zakunja.

Phunziro la Kayelekera

Kuno kwathu tidalawako. Mu February 2007 boma lidasainirana pangano ndi kampani ya ku Australia ya Paladin kuti ikumbe yureniyamu ku Kayelekera m'boma la Karonga, ndipo mgodiwo udatsegulidwa mu April 2009. Boma lidatenga magawo 15 pa 100 alionse a umwini, koma posinthana ndi zimenezo lidatsitsa msonkho wa pa miyala yogulitsidwa kuchoka pa magawo 5, amene lamulo linkanena, kufika pa 1.5 m'zaka zitatu zoyamba ndi 3 pambuyo pake, kuphatikizapo kuchotsera misonkho ina. Panganolo lidakhala lachinsinsi kwa zaka zingapo. Mu 2015 bungwe la ActionAid lidawerengera kuti m'zaka zisanu ndi chimodzi dziko lino lidataya madola 43 miliyoni kudzera m'kuchotsera misonkhoko ndi m'njira zimene ndalama zinkatulukira kunja. Kampaniyo idakana kuti idalakwira lamulo, ndipo apa ndi pamene pagona phunziro: zambiri mwa zimenezi zidali zololedwa ndi pangano limene ife eni tidasaina.

Mu March 2011 kudachitika ngozi pamalo opangira magetsi a nyukiliya ku Fukushima m'dziko la Japan. Mtengo wa yureniyamu udagwa, ndipo mu February 2014 mgodi wa Kayelekera udaimitsidwa, antchito mazanamazana n'kuchotsedwa. Chivomezi cha ku Japan chidachotsa ntchito mnyamata wa ku Karonga. Mgodiwo udagulidwa ndi kampani ya Lotus Resources mu 2020, ndipo udayambanso kutulutsa yureniyamu mu 2025, utagona zaka 11.

Kunena zoona, nthenda yodalira chinthu chimodzi si yachilendo kwa ife. Fodya ndiye wakhala mafuta athu. Kwa zaka zambiri wabweretsa pafupifupi theka la ndalama zimene timapeza pogulitsa katundu kunja, ndipo tonse timadziwa kuti ku okushoni ya ku Limbe, Kanengo, Chinkhoma ndi Mzuzu kukavuta, dziko lonse limatsokomola. Komabe mlimi ndi tenanti amene amasoka fodyayo ali m'gulu la osaukitsitsa. Kafukufuku wa nthambi yoona za chiwerengero ku Zomba wa m'zaka za 2019 ndi 2020 adapeza kuti theka la Amalawi ndi osauka. Ngati fodya, amene amalimidwa ndi mabanja zikwizikwi, walephera kufikitsa phindu lake kwa onse, nanga mgodi wa mwini mmodzi udzalifikitsa wokha bwanji?

Alipo amene adapulumuka

Tisaganize kuti tsokali n'losapeweka. Dziko la Botswana lidalandira ufulu mu 1966 lili losauka ngati ife, ndipo dayamondi adapezeka ku Orapa mu 1967. Pulezidenti Seretse Khama adaonetsetsa kuti miyala ya pansi ikhale ya dziko lonse, osati ya mtundu umene idapezeka m'dera lake, ngakhale kuti idapezeka kwa anthu a mtundu wake womwe. Boma lidakambirana mwamphamvu ndi kampani ya De Beers mpaka kugawana umwini pakati ndi pakati, lidaika ndalamazo m'sukulu, m'zipatala ndi m'misewu, ndipo zina lidasunga. Ku Norway mafuta adapezeka mu 1969, ndipo mu 1990 aphungu adakhazikitsa thumba losungira ndalama zake. Boma limaloledwa kutapamo pafupifupi magawo atatu okha pa 100 alionse pachaka, ndipo nzika iliyonse itha kuona pa intaneti kuti m'thumbamo muli zingati.

Ngakhale zili choncho, Botswana yemweyo adavutika kuyambira mu 2023 pamene malonda a dayamondi adatsika, mwa zina kaamba ka dayamondi wopangidwa m'mafakitale, ndipo mu August 2025 boma lidalengeza kuti m'zipatala mankhwala asowa modetsa nkhawa. Ulamuliro wabwino umateteza ku kuba, koma kudalira chinthu chimodzi kumakhalabe msampha.

Zimene zili patsogolo pathu

Nkhaniyi yafika pakhomo pathu tsopano. Ku Kasiya m'boma la Lilongwe kuli mchenga wa rutile wochuluka kwambiri, ku Kangankunde ku Balaka ndi kuphiri la Songwe ku Phalombe kuli miyala yosowa imene imafunika popanga mafoni ndi galimoto zamagetsi, ndipo ku Kanyika ku Mzimba kuli niobium. Mapangano amene akusainidwa m'zaka zino adzamanga ana ndi adzukulu athu. Miyala si chimanga choti tidzabzalanso chaka chamawa. Ikakumbidwa yapita.

Zida zodzitetezera tili nazo. Lamulo lakale la migodi la 1981 lidalowedwa m'malo ndi la 2019, kenaka ndi la 2023. Malamulowa amanena kuti miyala ya pansi pa nthaka ndi ya dziko, ndipo mwini mgodi waukulu ayenera kupangana ndi anthu ozungulira mgodiwo za chitukuko cha dera lawo. Mu 2015 Malawi adalowa m'mgwirizano wa EITI, umene umafuna kuti makampani aulule ndalama zimene apereka ndipo boma liulule zimene lalandira, kuti ziwerengero ziwirizo zifanizidwe poyera. Kuyambira mu September 2020 lamulo lopatsa nzika ufulu wopeza nkhani za m'maofesi a boma likugwira ntchito. Koma khasu lopachika padenga sililima munda.

Tsono inu akatekisi, atsogoleri a m'miphakati, mafumu ndi aphunzitsi, amene anthu amabwera kudzakufunsani nzeru, pali mafunso oyenera kufunsa phungu, khansala kapena mlendo aliyense wobwera ndi nkhani ya mgodi. Kodi panganolo lili poyera kuti tiliwerenge, ndipo lilipo m'chinenero chathu? Kodi msonkho wachotseredwa ndi zingati, ndipo kwa zaka zingati? Osamutsidwa akupita pa nthaka yotani, adakaiona okha asanavomere, ndipo amayi amasiye ndi ana amasiye alembedwa m'kaundula wa chipepeso? Madzi a mtsinje adzayezedwa ndi yani? Mgodi ukadzatsekedwa, adzakwirira maenje ndani, ndipo ndalama yake yasungidwa kuti? Pa ndalama zolowa m'boma, ndi zingati zidzapite ku ulimi wothirira, kumagetsi ndi kusukulu, zinthu zimene zidzatsale miyala ikadzatha?

Kufunsa mafunso otere si kudana ndi chitukuko kapena kuthamangitsa alendo. Kampani yoona mtima siopa kuyankha, ndipo mtsogoleri wopanda chobisa sakwiya. Akuluakulu adati chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. Anthu a ku Cateme adafunsa mafunso awo nyumba zitagwetsedwa kale, ndipo ife tidawerenga pangano la Kayelekera miyala itanyamulidwa kale kupita kudoko. Ku Kasiya, ku Kangankunde, ku Songwe ndi ku Kanyika mpata wofunsa ukadalipo, ndipo ndi bwino kuugwiritsa ntchito lero lomwe.